Kalata ya loya yafika: ndani amateteza dokotala wa usiku ku Chigwa cha Shire?

Funso: Ndine clinical officer pachipatala china cha boma kuno ku Chigwa cha Shire. Usiku wina mu February, mvula ikukhuthuka, ndinali ndekha ku casualty, mbali ya odwala mwadzidzidzi, ndi anamwino awiri. Anabwera ndi mnyamata amene anagwa pa njinga yamoto ya kabaza. Ankayankhula bwinobwino, BP inali bwino, ankangodandaula kupweteka m'mimba chakumanzere. Ndinamuika dripi n'kuthamangira kwa mwana amene ankakomoka ndi malungo, kenako anandiitana ku mateniti kwa mayi amene ankataya magazi. Ambulansi inalibe mafuta. Kutacha mnyamata uja anamwalira. Tsopano abale ake atumiza kalata kudzera kwa loya. Ndamva kuti ku America kuli malamulo oteteza madokotala a ku casualty kuti asamangosumiridwa. Kodi kuno aliko? Ngati kulibe, bwanji osawapempha? Nanga andilanda chiphaso ndi kanyumba kanga?

Yankho: Adokotala, pepani ndi zimene zakugwerani, ndipo mtima wanga ulinso ndi banja limene lataya mwana wawo. Ndine loya, ndakhala ndikuyimira anthu pa milandu ya mtundu uwu, nthawi zina kumbali ya odandaula, nthawi zina kumbali ya achipatala. Kwathu n'komweko, chakufupi ndi Ngabu, choncho mukanena za usiku wa mvula mu February ndikudziwa kuti simukukokomeza.

Ndiyambe ndi zimene zikukulandani tulo. Kanyumba kanu si kamene kalatayo ikulondola. Munthu wolembedwa ntchito akalakwitsa ali pa ntchito yake, lamulo limati womulemba ntchitoyo ndiye anyamule chipukuta misozi. Pachipatala cha boma, wosumiridwa amakhala mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo kapena khonsolo ya bomalo, malinga ndi amene akuyendetsa chipatalacho, ndipo pachipatala cha mishoni amakhala eni chipatalacho. Dzina lanu likhoza kulembedwa pa zikalata za mlandu, lamulo silikuletsa zimenezo, koma loya aliyense amadziwa kumene kuli ndalama, ndipo malipiro a clinical officer sangakwanitse chipukuta misozi cha imfa ya munthu. Kalata imene yafikayo mwina ndi chidziwitso chabe, chifukwa munthu wofuna kusumira boma amayenera kuyamba walidziwitsa molemba n'kudikira miyezi itatu. Si chigamulo. Musayiyankhe nokha. Ipititseni kwa akuluakulu a zaumoyo a boma lanu, musungeko kope, ndipo mulembe tsiku limene mwaipereka ndi amene wailandira.

Lamulo lapadera loteteza madokotala a ku casualty, ngati la boma la Texas ku America, kuno kulibe. Ndipo ine sindikufuna kuti libwere. Ndikudziwa kuti si yankho limene mumayembekezera kwa munthu amene akuti akukumverani chisoni, ndiye ndiloleni ndifotokoze kumene malamulowo anachokera.

Mu 1986 dziko la America linakhazikitsa lamulo lotchedwa EMTALA, lokakamiza pafupifupi chipatala chilichonse chokhala ndi mbali ya odwala mwadzidzidzi kuti chipime aliyense wofika pakhomo ndi kumuthandiza mpaka ngozi itachepa, kaya ali ndi ndalama kaya alibe. Madokotala a ku casualty anayamba kudandaula kuti iwo sasankha odwala, sadziwa mbiri ya matenda awo, amagamula zinthu m'mphindi zochepa, nthawi zambiri salipidwa, koma akalakwitsa amasumiridwa ngati dokotala amene anali ndi mwezi wathunthu wokonzekera opaleshoni. Kumenekonso milandu yotere amagamula ndi gulu la anthu wamba osankhidwa kukhala m'khoti, amene akhoza kupereka ndalama zochuluka koopsa, ndipo madokotala kapena magulu awo amalipira okha inshulansi yodula. Mu 2003 boma la Texas linasintha malamulo ake. Linati wodandaula pa chithandizo cha mwadzidzidzi asamangoonetsa kuti dokotala sanasamale, koma aonetse kuti analekerera mwadala ndi mosalabadira ngozi imene ankaiona. Linaikanso malire a madola 250,000 pa ndalama zimene madokotala angalipire chifukwa cha ululu ndi chisoni. Mu 2005 Georgia ndi South Carolina anachita zofanana, kuti pakhale kulekerera kopyola muyeso, ndipo khoti lalikulu la Georgia linavomereza lamulolo mu 2010.

Okonda malamulowa ankati madokotala akachotsedwa mantha adzasiya kuyitanitsa mapimidwe osafunika ongodzitchinjiriza nawo. Mu 2014 ofufuza anasindikiza zimene anapeza m'magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine, atayerekeza maboma atatuwa ndi oyandikana nawo. Kujambula odwala ndi makina a CT ndi MRI sikunatsike, kugoneka odwala sikunatsike, ndipo ku Georgia kokha ndi kumene mtengo wa chithandizo unatsikako pang'ono. Chimene chinasinthadi n'chakuti munthu wovulazidwa ku casualty anayamba kuvutika kwambiri kuti apambane mlandu, moti ngakhale kupeza loya womuyimira kunavuta.

Tsopano bwererani kwathu. Mlandu wa chipukuta misozi amagamula ndi jaji, amene amalemba zifukwa zake ndipo amayang'ana zimene makhoti anapereka kale pa milandu yofanana. Inu simulipira inshulansi kuti mugwire ntchito ya boma. Ndipo vuto la kuno si kuchuluka kwa milandu. Pa anthu onse amene amataya abale m'zipatala za ku Chikwawa ndi ku Nsanje mosadziwika bwino, amene amafika kwa loya ndi ochepa zedi. Ambiri amangoti ndi chifuniro cha Mulungu, kapena amakafunsa kwina kuti wachita zimenezi ndani, n'kuika maliro. Ndimakumbukira mayi wina wa kutsidya la kum'mawa kwa Shire amene anafika ku ofesi kwanga ku Blantyre atagulitsa mbuzi kuti apeze thiransipoti. Anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa jumbo ya shuga, m'jumbomo muli kabuku ka kuchipatala ka mwana wake, masamba atamatirirana ndi chinyezi cha madzi osefukira. Anakayala patebulo ndi manja awiri. Nditayamba kumufotokozera za ndalama, anandidula n'kunena kuti, "Bambo, ine ndingofuna wina andiuze chimene chinapha mwana wanga." Munthu ngati ameneyu ali kale kunja kwa mpanda. Kumuuza kuti aonetsenso umboni wakuti dokotala analekerera mwadala n'kumutsekera chitseko chimene chinali chotseguka pang'ono chabe, pamene ndime 41 ya malamulo aakulu a dziko lino imalonjeza aliyense mwayi wofika kukhoti ndi kulandira chithandizo chenicheni ufulu wake ukaphwanyidwa.

Komanso chitetezo chimene mukuchifunacho, mbali yake yaikulu ilipo kale m'malamulo amene tikugwiritsa ntchito. Makhoti athu amatsata mfundo zimene tinatengera ku England, ndipo muyeso wake umachokera pa mlandu wa Bolam wa mu 1957. Funso silikhala lakuti kodi wodwala anafa, kapena kodi dokotala wina wanzeru kwambiri akanamupulumutsa. Funso limakhala lakuti kodi zimene munachita n'zimene gulu la anzanu odziwa ntchito ndi osamala likanavomereza kuti n'zoyenera pa nthawi imeneyo ndi m'malo amenewo. Mu 1997, pa mlandu wa Bolitho, anawonjezera kuti maganizo a anzanuwo akhale omveka, osati kungoikirana kumbuyo. Mawu akuti pa nthawi imeneyo ndi ofunika kwambiri kwa inu. Khoti silikuyesani ngati munali masana ku Gulupu, chipatala chachikulu cha ku Blantyre, komwe kuli chipinda chachikulu cha odwala mwadzidzidzi chimene chinatsegulidwa mu 2011, ndi madokotala a opaleshoni pafupi. Limakuyesani monga munthu mmodzi wokhala ndi odwala atatu akayakaya pa ola limodzi. Kusankha kuyamba ndi mwana wokomoka ndi mayi wotaya magazi, n'kusiya mnyamata amene akuyankhula ndipo BP yake ili bwino, si kulekerera. Ndi ntchito imene munaphunzitsidwa. Ndondomeko ya ETAT yosankhira ana odwalitsitsa kuti athandizidwe msanga, imene bungwe la WHO linafalitsa m'mayiko ambiri, mizu yake ili kuno ku Malawi, ku Gulupu komweko. Jaji akhoza kumvetsa zimenezi ngati wina wamufotokozera bwino.

Koma sindingakunamizeni kuti palibe pamene mungafunsidwe mafunso olimba. Madokotala amene ndawaitanapo ngati mboni anandiphunzitsa kuti mnyamata wamphamvu akhoza kutaya magazi ambiri m'kati BP yake osatsika, kufikira nthawi itatha. Chimene chimayamba kuulula ndi kugunda kwa mtima kumene kumathamanga, kuzizira kwa manja, ludzu ndi kusakhazikika. Anandiphunzitsanso kuti kudera la malungo ngati kwathu anthu ambiri kapamba wawo ndi wotupa kale, ndipo sachedwa kuphulika munthu akagwera chakumanzere. Ndiye loya wa banjalo sadzalimbana nanu pa ola loyamba. Adzafunsa za maola otsatirawo. Kuchokera pamene munaika dripi mpaka kucha, ndani anabwerera kwa mnyamatayo? Munauza anamwino kuti azimupima pakapita mphindi zingati? Munauza omudikirira kuti akaona chiyani akuitaneni? Munaimbira dokotala wamkulu amene anali wodikira kuitanidwa usiku umenewo? Mayankho a mafunso amenewa ndiwo mlandu wonse.

Za kuimba foni ndinenepo pang'ono, chifukwa achinyamata ambiri amachita manyazi kudzutsa akuluakulu usiku. Pa mlandu wa Wilsher ku England, dokotala wachinyamata analowetsa kachubu mu mtsempha wolakwika wa khanda lobadwa masiku osakwana. Khoti linati kusazolowera ntchito si chowiringula, chifukwa muyeso umatsata udindo umene munthu wakhalapo, osati zaka zake pa ntchito. Koma linati iyeyo analibe mlandu, chifukwa anaitana womuposa kuti aone zimene wachita. Foni ya usiku imakwiyitsa munthu kwa mphindi zisanu, koma imasamutsa katundu kumuika pa phewa limene likuyenera kumunyamula.

Pali mlandu wina umene ndimafuna aliyense wogwira ntchito ku casualty aziudziwa, wa Barnett. M'mawa wa pa 1 January 1966 alonda atatu a ku London anamwa tiyi n'kuyamba kusanza. Anapita ku casualty, namwino anaimbira dokotala, ndipo dokotalayo, amene nayenso sankapeza bwino, sanabwere kudzawaona. Anangoti apite kwawo akagone, aitane madokotala awo. Patapita maola ochepa mmodzi anamwalira, ndipo zinadziwika kuti mu tiyi muja munali poizoni wa arsenic. Khoti linagamula kuti dokotalayo analakwa posawaona. Komabe mkazi wamasiye sanalandire kanthu, chifukwa umboni unaonetsa kuti ngakhale akanamugoneka nthawi yomweyo, mankhwala sakanamupeza nthawi ikadalipo. Mlanduwu umaphunzitsa zinthu ziwiri zimene zikukukhudzani. Kukana kuona wodwala ndi kulakwa kumene khoti silikhululuka, ndipo inu simunachite zimenezo. Chinanso, wodandaula ayenera kuonetsa kuti kulakwako ndi kumene kunadzetsa imfa. Tinene kuti munabwerera pa 2 koloko n'kuzindikira kuti kapamba waphulika. Kodi mufiriji munali magazi? Wogonetsa odwala ku fiyeta analipo? Jenereta inali ndi dizilo? Ngati munayenera kutumiza ku Gulupu, galimoto yake inali iti, ndipo ikanadutsa pa Thabwa n'kukwera phiri lija mu mvula imeneyo nthawi yanji? Kuchokera ku Chikwawa ndi makilomita pafupifupi 50, koma kuchokera ku Nsanje ndi opitirira 170. Amene anali kuno mu January 2022 nthawi ya namondwe wa Ana, kapena mu March 2023 nthawi ya Freddy, akudziwa kuti pali masiku amene msewuwo umangotha.

Apa ndiye pamene ndimasiyana ndi anthu amene amafuna lamulo la ku Texas. Mafunso amenewa akakuchotsani inu pa mlandu, sachotsa chipatala. Chipatala chili ndi udindo wakewake wokonza ntchito moyenera, ndipo udindowu sudalira kulakwa kwa dokotala. Mu 2018 khoti lalikulu la ku Britain linagamula mlandu wa Darnley, munthu wovulala m'mutu amene wolandira alendo ku casualty anamuuza kuti adikira maola anayi kapena asanu, pamene zoona zinali zakuti namwino akanamuona pasanathe mphindi 30. Anachoka patatha mphindi 19, anakagwa kunyumba, ubongo wake unawonongeka mpaka kalekale, ndipo chipatala chinapezeka cholakwa ngakhale panalibe dokotala amene anamukhudza. Funso lakuti n'chifukwa chiyani ambulansi inalibe mafuta, ndiponso n'chifukwa chiyani munthu mmodzi ankayang'anira casualty ndi mateniti usiku umodzi, ndi funso loyenera kufunsidwa, ndipo woyankha si inu. Makhoti amaganizira kuchepa kwa chuma cha dziko, sayembekezera zosatheka. Koma pali kusiyana pakati pa kusowa kwa ndalama ndi kusalongosoka kwa anthu amene anapatsidwa ndalamazo. Lamulo lokweza muyeso pa chithandizo chonse cha mwadzidzidzi likhoza kuphimba mafunso amenewa pamodzi ndi anu, ndipo chaka chamawa mudzapezekanso nokha usiku, ambulansi ili chiyimire. Mu 2019 ofesi ya Ombudsman, nthawi ya mayi Martha Chizuma, inafufuza za amayi amene ankachotsedwa chiberekero m'zipatala zikuluzikulu za boma, ndipo zambiri zimene inaloza zinali za kayendetsedwe ka zipatala, kuchepa kwa ogwira ntchito ndi zipangizo. Zinthu zoterezi zimatuluka pokhapokha ngati khomo lodandaulira lili lotseguka.

Chishango chanu chenicheni ndi pepala. Ndikudziwa kuti munthu amene wagwira mwana wokomoka ndi dzanja limodzi, tochi ya foni ili kukamwa chifukwa magetsi azima, saganiza za cholembera. Koma ndinaonapo mafayilo awiri amene sindidzawaiwala. Loyamba linali ndi mawu awiri okha achingerezi, otanthauza kuti wodwala waonedwa ndipo ali bwino, popanda nthawi, popanda manambala, siginecha yosawerengeka. Mwini wake anandilumbirira kuti anachita zambiri usiku umenewo, ndipo ndinamukhulupirira, koma patatha zaka zitatu sankakumbukanso chimene chinayamba ndi chimene chinatsatira, ndipo loya wa mbali ina anamupanikiza mpaka thukuta. Lachiwiri linali la mayi wina, clinical officer ngati inu. Tsamba lake linali ndi dontho la magazi pakona, zilembo zopendekera chifukwa ankalembera pabondo. Analemba kuti 01:40 kugunda kwa mtima 118, 01:45 waimbira dalaivala ndipo akuti mafuta palibe, 01:50 waimbira dokotala wamkulu foni siikupezeka, 02:05 ku labu akuti magazi a gulu O atha, 02:10 wafotokozera mchimwene wa wodwala. Wodwalayo anamwalira. Mayiyo sanakhale nthawi yaitali m'bokosi la mboni, chifukwa tsambalo linali litayankha kale chilichonse, ndipo mafunso onse anatembenukira kwa oyendetsa chipatala. Mizere isanu imeneyo sinamutengere mphindi zitatu kulemba.

Pa za usiku wa mu February uja, zimene zinalembedwa zinalembedwa. Chonde, musakhudze fayilo. Musawonjezere mzere, musasinthe nambala, musachotse tsamba. Inki ya lero siifanana ndi ya miyezi yapitayo, buku la anamwino ndi la ku labu zidzakutsutsani, ndipo munthu amene akanapambana mlandu wa kulekerera amagwa pa mlandu wa chinyengo, umene umathetsa ntchito. Chimene mungachite ndi kutenga pepala lina, kulemba deti la lero pamwamba, n'kufotokoza zonse zimene mukukumbuka motsatana, kuphatikizapo zimene zikukuwawani kuzilemba. Onani mbiri ya mafoni amene munaimba usiku umenewo ngati ikadalipo m'foni mwanu, muijambule. Pemphani akuluakulu kuti asunge bwino buku la dalaivala, ndandanda ya ogwira ntchito usiku umenewo, ndi mafayilo a mwana uja ndi mayi wa ku mateniti, chifukwa amenewo ndi umboni wa kumene munali. Ndipo nkhaniyi isapite pa gulu la WhatsApp la anzanu.

Chiphaso ndi nkhani ina, ndipo apa womulemba ntchito sangakunyamulireni. Bungwe la Medical Council of Malawi, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1987, ndilo limalembetsa madokotala, ma clinical officer ndi ma medical assistant, ndipo limamva madandaulo a anthu popanda kufunika loya. Anamwino ali ndi bungwe lawo la Nurses and Midwives Council. Medical Council ikhoza kukuchenjezani, kukuyimitsani kwa kanthawi, kapena kukufufutani m'kaundula. Ubwino wake ndi wakuti omva nkhani yanu ambiri ndi anthu a ntchito yomweyi, amene anagonapo pa benchi ya chipatala cha kumudzi. Iwo amasiyanitsa munthu amene analakwitsa poganiza ali pakati pa odwala atatu ndi munthu amene sanapezeke pa ntchito, amene anabwera ataledzera, amene anapempha ndalama asanathandize, kapena amene ananama pambuyo pake. Akakulemberani, yankhani m'nthawi yake, mwaulemu, mutafunsa malangizo. Za apolisi musadere nkhawa kwambiri. Kuti kulakwitsa kwa dokotala kusanduke mlandu wakupha munthu mosafuna, kulekerera kwake kuyenera kukhala koipitsitsa, ndipo zimene mwafotokozazi sizikuyandikira kumeneko.

Pamene ndimaona anzanu ambiri ali pambalambanda osadziwa ndi pa lokamu. Mukaweruka kuboma n'kukagwira maola angapo pa kiliniki ya munthu pa Nchalo, pa Dyeratu kapena pa Bangula, ambulera ya boma imatsala kuchipatala cha boma. Kumeneko funso lakuti ndani alipire limadalira mgwirizano wanu ndi mwini kiliniki, ndipo nthawi zambiri mgwirizanowo umakhala wapakamwa. Ngati khoti lingaone kuti simunali wolembedwa ntchito koma munthu wodziyimira payekha, ndiye kuti kanyumba kaja kalowa m'nkhani. Musanayambe, funsani ngati kilinikiyo ili ndi inshulansi ya zolakwika za ogwira ntchito ndiponso ngati dzina lanu lili momwemo, ndipo zilembedwe. Amene mukufuna kutsegula kiliniki yanu, inshulansi imeneyi muiwerengere pamodzi ndi lendi.

Mwafunsa kuti bwanji osapempha lamulo. Pemphani, koma pemphani loyenera. Ku Britain, kuyambira mu 1990, zipatala za boma zinatenga udindo wonse wolipira milandu ya madokotala awo, zinalembedwa poyera, ndipo dokotala amadziwa kuti akasumiridwa pa ntchito ya boma pali amene amuyimire. Ku New Zealand anapita patali: kuyambira mu 1974 munthu wovulala amalipidwa kuchokera ku thumba la dziko m'malo mosumira, ndipo kuyambira mu 2005 wovulala polandira chithandizo safunikanso kuonetsa kuti dokotala analakwa. Za ku New Zealand zimafuna ndalama zimene ife tilibe pakali pano. Koma kuti wogwira ntchito zaumoyo aliyense wa boma ndi wa zipatala za mishoni za CHAM akhale ndi chikalata chonena momveka kuti womulemba ntchito adzamupezera loya ndi kulipira chipukuta misozi, kupatula ngati anachita zaupandu, zimenezo n'zotheka. Kuti mabanja amene apambana milandu azilipidwa msanga, osati kudikira zaka, n'zothekanso. Ndingakondenso kuti munthu wodziwa zachipatala amene waima pa ngozi ya pamsewu n'kuthandiza mwaulere atetezedwe ndi lamulo lolembedwa, monga anayambira ku California mu 1959, chifukwa pa msewu wa Chikwawa ngozi sizisowa ndipo sindifuna namwino adutse poopa khoti. Zimenezi zimateteza inu popanda kulanda kanthu kwa mayi wa jumbo ya shuga uja. Mabungwe anu a ogwira ntchito zachipatala ndiwo angakankhe zimenezi.

Akuluakulu amati mlandu suola, koma kukhoti umaola. Pa milandu ya kuvulala kwa munthu chifukwa cha kusasamala, nthawi yosumira kawirikawiri ndi zaka zitatu, ngakhale kwa ana imawerengedwa mosiyana. Ndikunena izi chifukwa ndikudziwa kuti abale a odwala nawonso awerenga yankho lino. Ngati muli ndi dandaulo, musataye kabuku ka kuchipatala, lembani mayina a amene analipo, ndipo yambani ndi ofesi yolandira madandaulo ya pachipatala pomwepo. Ngati simukhutira, kuli Medical Council, kuli Ombudsman, ndipo kwa amene alibe ndalama ya loya kuli Legal Aid Bureau. Dziwaninso kuti ndi kutentha kwa kwathu timafulumira kuika maliro, ndipo mtembo ukapanda kupimidwa zimavuta kwambiri kutsimikizira khoti chimene chinapha munthu.

Chotsala n'chimene loya ambiri sakonda kunena. Mwa mabanja amene anafika kwa ine, ochuluka sanabwere chifukwa cha imfa yokha. Anabwera chifukwa m'mawa mwake palibe amene anakhala nawo pansi. Anangopatsidwa chikalata n'kuuzidwa kuti apeze galimoto. Sindikudziwa ngati inu munalankhula ndi abale a mnyamatayo kutacha, mwina munali mukadali ku mateniti, mwina munali mutatheratu. Panopa poti kalata ya loya yafika, musapite nokha kwawo, ndipo musatume munthu ndi envelopu, chifukwa zimenezo zidzaoneka ngati kugula anthu. Koma pemphani akuluakulu a chipatala kuti akonze zokumana, loya wa chipatala akudziwa, loya wa banjalo alipo, mwini mbumba alipo, ngati n'kotheka ndi amfumu kapena abusa awo. Mukakhale nawo pansi, muwapepese maliro monga timachitira kwathu, ndipo muwafotokozere usiku wonse mmene unayendera, ola ndi ola, pamodzi ndi za mwana uja, za mayi uja ndi za ambulansi. Kupepesa maliro si kuvomera mlandu. Mwina adzapitirizabe kukhoti, ndipo ndi ufulu wawo. Mawa m'mawa yambani ndi kupereka kalatayo ku ofesi ndi kulemba pepala la zimene mukukumbuka, deti lili pamwamba.